Chaka Chimene Diresi la Khirisimasi Linakana Kutseka

Kwawo kwa amuna anga, kumudzi wina wa kufupi ndi Madzimoyo, Khirisimasi inkayamba mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, mvula isanaganiziridwe n'komwe. Apongozi anga aamuna akagulitsa nsawa zawo ankabwera ku Fort Jameson, kumene ife tinkangokutcha kuti ku Boma, n'kulowa m'sitolo ya mmwenye, n'kugula mpukutu wathunthu wa nsalu ya mtundu umodzi. Pa mpukutu umenewo pankachokera madiresi a apongozi aakazi, a ana awo aakazi, a ife atengwa, ndi tizovala ta zidzukulu zonse mpaka kakhanda kobadwa dzulo. Amuna akuluakulu okha ndiwo ankapulumuka. Pa tsiku la Khirisimasi banja lonse linkalowa m'tchalitchi likufanana ngati nkhanga, ndipo mlendo ankadziwa osafunsa kuti awa ndi a khomo limodzi.

Mwambowo unali ndi lamulo lake. Telala akatiyeza, zovala zikasokedwa, sizinkabwera m'manja mwathu ayi. Zinkapita kumudzi, n'kukatsekeredwa m'bokosi lachitsulo la apongozi aakazi, ndipo bokosilo linkatsegulidwa m'mawa wa Khirisimasi basi. Panalibe kuyesa, panalibe kukonzetsa. Chimene telala anayeza mu Okutobala ndicho unkavala mu Disembala.

Inali nthawi ya Chitaganya. Ine ndinali mtsikana ndithu, wongotuluka kumene ku koleji ya uphunzitsi, ndikuphunzitsa ana aang'ono pa sukulu ina ya ku Boma komweko. Amuna anga anali kalaliki mu ofesi ya boma. Tinali ndi mwana mmodzi, kamtsikana kamene kanali katangopitirira chaka, koyenda mogwira khoma, koyamwa usana ndi usiku. Kwathu ine n'kufupi ndi Mwami, kwa Achewa, kumene mwana ndi wa mayi ake ndi atsibweni ake. Koma ndinakwatiwa kwa Angoni, ng'ombe zinaperekedwa, ndipo kumeneko mwana ndi wa kuchimuna. Zimenezi ndinkazidziwa ndisanalowe m'banja, koma ndinkazidziwa monga munthu amadziwira dzina la mtsinje umene sanawolokepo.

Tsiku loyezedwa chaka chimenecho tinasonkhana pakhonde la sitolo, pamene telala ankasokera. Anali bambo wansangala, wosasunga mawu m'kamwa, yemweyo chaka ndi chaka. Apongozi aakazi anakhala pa benchi atanyamula mwana wanga. Mlamu wanga, mchemwali wa amuna anga amene anabwerera kumudzi ukwati wake utatha, anali kufoletsa ana kuti ayezedwe. Itafika nthawi yanga ndinawerama pang'ono n'kunong'oneza telala kuti m'chiuno asiyeko malo.

"Aphunzitsi akuti ndisiye malo," anatero telala uja mokweza, tepi ili m'khosi. "Malo a yani, mayi? Kukubwera mlendo, kapena ndi mabanzi a ku Boma awa?"

Mlamu wanga anaseka mpaka kugwira m'mimba. Apongozi sanaseke. Anangokweza maso n'kundiyang'ana, ndipo ine ndinayankha msanga kuti ndimangocheza, ayeze mmene ndililimu. Telala anakoka tepi yake mpaka inandigwira bwino m'chiuno, n'kulemba.

Pamenepo n'kuti mwezi utandidumpha kamodzi kokha, ndipo ndinkadzinyenga kuti n'kutopa. Pofika kumapeto kwa Novembala panalibenso chodzinyengera. Ndinali ndi pakati, mwana wanga akuyamwa.

Kwa amene sanakule ndi zimenezi, ndifotokoze. Kutenga pakati mwana ali kubere kumatchedwa kutumbiza, ndipo chinali chinthu cha manyazi kwa mkazi ndi mwamuna yemwe. Akuluakulu ankati mkaka wa mayi wapakati waonongeka, umatsegula mwana m'mimba, umamuumitsa. Ankati ngakhale kutentha kwa thupi lake kumamudwalitsa, choncho asamubereke kumsana, asagone naye mphasa imodzi. Mankhwala ake anali amodzi: kumuchotsa kubere tsiku lomwelo zadziwika, n'kumupereka kwa agogo ake a kuchimuna kuti akakhale naye kumudzi mpaka mng'ono wake atabadwa n'kulimba. Panalibe wochita izi mwankhanza. Ankachita kuti mwana apulumuke.

Koma ine ndinali nditaona zina. Ku koleji, tsiku limodzi pa sabata tinkapita ku chipatala cha mishoni kukathandiza asisitere kuyeza ana pa sikelo. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zitatsika, chimanga cha m'munda chisanakhwime, kunkabwera ana a mtundu wina. Otupa mapazi, otupa masaya, tsitsi lofiira lonyonyoka, osalira, ongoyang'ana. Asisitere ankatigwira chala n'kuchidinikiza pa phazi la mwana, ndipo pochotsa pankatsala kadzenje kosabwerera. Ambiri a ana amenewo ankabwera pamsana pa agogo awo. Asisitere ankati si mkaka wa mayi umene wawapweteka, koma kusowa kwake, ndi phala lamadzi lopanda kanthu. Ndinalemba zimenezo pa mayeso ndipo ndinakhoza.

Ndikanakonda kunena kuti ndinkazikhulupirira ndi mtima wonse. Ayi. Setifiketi inali pakhoma m'galasi lake, koma mwana akangotsegula m'mimba kamodzi, ine mtima phaa, ndati ndi mkaka wanga. Ndinkamuyamwitsa ndikuopa, ndikamukana ndinkaopanso. Ndinkamununkhiza m'mutu, kumutembenuza, kumuyang'ana m'maso ngati ndikufunamo yankho. M'kalasi ndinkatha kuima ndi choko m'manja, ana akundidikira, ine ndaiwala chimene ndimalemba. Chimodzi chokha ndicho ndinkachidziwa bwino: apongozi akazindikira pa Khirisimasi, ndidzabwerera ku Boma wopanda mwana, ndipo iye adzatsala kumudzi njala ikungoyamba kumene.

Amuna anga ndinawauza. Anayamba kupukuta nsapato zomwe zinali zopukuta kale. Ndinawapempha kuti chaka chimenecho tisapite, tinene kuti mwana sakupeza bwino. Anati bambo awo agula nsalu, ndipo chiyambire palibe amene anajombapo kupatula womwalira. Ndinawapempha kuti ndiye akandilankhulire kwa amayi awo zikavuta. Anati nkhani za mawere ndi za azimayi, mwamuna salowererapo. Kenaka anati mwina sizioneka, ndinali wochepa thupi, tikaona komweko. Ndinaona kuti akuopa amayi awo kuposa mmene ndinkawaopera ine, pakuti mlandu wa kutumbiza umayamba ndi mwamuna.

Tinanyamuka tsiku loti mawa ndi Khirisimasi, pa lole ya wamalonda wina imene inkadutsa msewu waukulu. Ife a ku Boma gawo lathu linali zinthu za m'sitolo: buledi, shuga, masamba a tiyi, mkaka wa m'chitini, mpunga, maswiti ndi mabaluni a ana. Dziko linali litabiriwira lonse, chimanga chikufika m'mawondo, mapiri atasamba. Potsika pa mphambano tinapeza ana a pakhomo akutidikira, milomo ili yachikasu ndi mango, ndipo analimbirana katundu mpaka buledi wina anaphwanyika. Mwana wanga anali kumsana kwanga, akundimenya m'khosi ndi timanja take poona ng'ombe.

Kumudzi kunali kununkhira thobwa ndi utsi wa nkhuni zonyowa. Ana anali atamanga kale kakhola ka Yesu pansi pa mtengo wa mango, ka udzu ndi timitengo, ndipo anaumba ng'ombe zadothi zambiri kuposa za agogo awo, iliyonse ndi linunda lake ndi nyanga za minga. Anati mawa akanyamula zonse kupita nazo ku tchalitchi. Mwana wanga anagwira imodzi n'kuiika m'kamwa, ndipo mwini wake analira mpaka anamupatsa switi. Madzulo amenewo ndinayamwitsa mwana kuseri kwa nkhokwe, nditafulatira anthu, chitenje nditamanga motayirira. Apongozi anandifunsa chifukwa chake sindikudya inswa zimene anakazinga, pamene chaka chatha ndinkazitha mbale. Ndinati ndakhuta mango.

M'mawa kunacha kopanda mvula. Ana anasambitsidwa onse pa dzuwa, akunjenjemera, n'kudzozedwa mafuta mpaka kunyezimira. Kenaka apongozi anakoka bokosi lija pakhomo pa nyumba yawo n'kulitsegula, ana atazungulira, manja kumbuyo monga anawaphunzitsira. Nsalu ya chaka chimenecho inali yamtambo, ya timaluwa tachikasu. Ankatulutsa chovala chimodzichimodzi, kuchikutumula, kutchula mwini wake, ndipo mwiniwakeyo ankagwada n'kulandira ndi manja awiri. Kadiresi ka mwana wanga kanali kochepa ngati kampango. Nditamuveka anaima yekha osagwira kanthu, akudzisisita pamimba, akuyang'ana maluwa aja, ndipo anthu onse anaomba m'manja. Mpaka lero ndikatseka maso ndimamuona ataima pamenepo.

Langa ndinakavalira m'nyumba ya mlamu wanga. Linali la mabatani kutsogolo, kuchokera pakhosi mpaka m'chiuno, monga ankasokera a amayi oyamwitsa. A pamwamba analowa movutikira. Atatu a pansi anakana. Ndinakoka mpweya, ndinakweza mapewa, nsalu inangolira m'misoko. Mlamu analowa akumanga duku, n'kuyamba nthabwala zake, kuti aphunzitsi adya malipiro onse okha, tiyeni ndikuthandizeni. Anagwira mbali ziwiri za diresi n'kukoka, dzanja lake linakhudza mimba yanga, ndipo kuseka kunathera pomwepo. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana pakhomo.

"Mulamu," anatero motsitsa mawu, "miyezi ingati?"

Anavula chitenje chake n'kundimanga m'chiuno pamwamba pa diresi, n'kunena kuti ndiziyenda kumbuyo kwake.

Koma mwambo unali wakuti tisanapite ku tchalitchi tonse tifole pabwalo, apongozi aamuna atakhala pa mpando wawo, kuti aone nsalu yawo mmene yakhalira pa anthu awo. Pamenepo chitenje sichinkaloledwa. Apongozi aakazi ndiwo ankayenda pa mzere, kukoka phewa apa, kuwongola kolala apo, kutembenuza mwana kuti agogo ake amuone kumbuyo. Anafika pa ine. Ndinali nditanyamula mwana kutsogolo kuti anditchinge. Anayang'ana chitenje, anayang'ana mabatani a pachifuwa, anayang'ana m'khosi mwanga. Sanandiuze kuti ndivule. Anangotambasula manja n'kutenga mwana, modekha ndithu, n'kumuponya kumsana kwawo, n'kumumanga ndi nsalu yawo. Kenaka anapitirira kwa wotsatira n'kumuwongolera kolala.

Ndinapita ku tchalitchi msana uli wopanda kanthu. Sindinadziwe kuti msana umazizira chotero. Kanali katchalitchi ka udzu, ndipo pakuti bambo mfumu anali ku mishoni, mapemphero anatsogolera akatekisiti. Ana anaika ng'ombe zawo zadothi kutsogolo, zina zitathyoka miyendo m'njira. Ng'oma zinalira, amayi analuluta, nyimbo zonse zinali za mayi ndi mwana wake wakhanda. Ine ndinagwada kumbali ya amayi, apongozi ali mizere iwiri kutsogolo kwanga, ndipo mwana wanga ankapotoza khosi kundifunafuna. Pakati pa ulaliki anayamba kulira kulira kwake kwa bere, kumene ndinkakudziwa ngakhale pakati pa ana makumi. Thupi langa linayankha lokha. Mkaka unatuluka n'kunyowetsa diresi latsopano mpaka maluwa achikasu aja anada. Apongozi anatulutsa kachidutswa ka buledi m'thumba n'kumupatsira paphewa, ndipo atakana anatuluka naye panja. Ndinamva kulira kukutalikira kumka ku mitengo. Sindinapemphere kanthu tsiku limenelo. Ndinkangomvetsera.

Chakudya cha Khirisimasi pakhomo paja chinali chimodzimodzi chaka chilichonse, ndipo ana ankachiyembekezera chaka chonse. Poyamba tiyi wa mkaka wa m'chitini, wotsekemera mpaka kumata milomo, ndi buledi wodula mokhuthala. Kenaka mpunga, umene unkaphikidwa tsiku limeneli lokha, ndi nkhuku, ndi mbuzi imene anyamata anapha m'mawa. Ana ankadyera pa mphasa imodzi yaikulu, ndipo tsiku limeneli palibe ankawauza kuti nyama ndi ya akulu. Akakhuta ankatenga mabaluni awo n'kuyamba kuzungulira makomo onse a m'mudzi, akuimba, akupempha Khirisimasi yawo, n'kubwerako ndi zitumbuwa ndi mango m'malaya. Amuna anakhala pansi pa mtengo ndi galamafoni ya mphunzitsi wina wopuma, akukangana motsitsa za Chitaganya ndi mtengo wa fodya.

Mwana wanga anamukhazika pa mphasa ya anzake. Anali atalira mpaka kutopa, maso atatupa, koma ataona mpunga anauvuula ndi manja onse awiri, wina m'kamwa, wina m'tsitsi. Msuweni wake anamupatsa fupa la nkhuku, ndipo analiyamwa mosangalala akugwedeza miyendo. Anthu anaseka, nati taonani, wakula uyu, bere alifuniranji. Ine ndinali pa ntchito ya atengwa, kutunga, kugawa, kutsuka, ndipo nthawi iliyonse ndikadutsa pafupi ndi mphasa ija mlamu ankapezeka pakati pa ine ndi mwana, ngati mwangozi.

Chakumasana mvula inabwera, anthu anabalalika, ndipo apongozi anandiitanitsa kukhitchini. Anali atakhala pa chikopa, miyendo atatambasula, mwana atagona pamiyendo pawo. Mlamu anakhala pakhomo. Ndinagwada. Apongozi sanali munthu wolankhula zambiri kapena wokalipa. Anali mayi wowonda, wa manja olimba ndi khasu, amene anadzuka kusanache tsiku limenelo ndipo anali asanadye. Anandifunsa kuti ndinadziwa liti. Ndinawauza. Anafunsa ngati ndakhala ndikumuyamwitsa masiku onsewo, ndipo nditavomera anatseka maso kanthawi. Kenaka ananena zimene ndinkaziyembekezera, kuti kuyambira lero mwana sayamwanso, agona ndi iwo, ndipo ife tikamabwerera ku Boma iye atsala.

Ndinali nditakonzekera mawu ambiri m'masabata onse aja, a asisitere, a m'mabuku. Onse anathawa. Ndinangoti ndikuopa miyezi ikubwerayi, Januwale ndi Febuluwale, ndaona ana otupa.

"Otupa? Mwawaona kuti?" anafunsa apongozi.

Ndinati ku chipatala, obwera ndi agogo awo. Nditangotero ndinamva mmene zamvekera.

"Ndiye kuno timapha ana?" Sanakweze mawu. "Amuna anuwo anakulira pati? Uyu wakhala pakhomoyu anakulira pati? Amake mwana, mwamumwetsa mkaka woipa miyezi yonseyi muli chete, lero mukuti woopsa ndine?"

Ndinalira. Ndinati sindikunena iwo, ndikunena njala. Anati njala aidziwa kuposa ine, ndipo chaka chilichonse amadutsa nayo ndi ana a pakhomo. Mlamu anayesa kuponyapo mawu, kuti mwina mwana apite ku Boma koma asamayamwe. Apongozi anafunsa kuti kumeneko usiku akalira adzagona ndi yani, ndipo masana mayi ake ali ku sukulu adzamubereka ndani, kodi si kamtsikana kantchito kosadziwa n'komwe kuphika phala. Zimenezo zinali zoona. Anatumiza mlamu kukaitana amuna anga. Anabwera n'kuima panja pa khomo, mvula ikuwagwera paphewa, ndipo amayi awo anawauza mawu ochepa amene sindidzawalemba pano. Iwo anangoti amva. Sanandiyang'ane.

Tsiku lotsatira linali limene azungu amalitcha la Bokosi, ndipo linapita monga linapitira. Mawere anatupa ngati miyala. Mlamu anandimanga chifuwa ndi nsalu zolimba, n'kundipaka tsabola kumawere kuti mwana akandipeza osayembekezera alavule yekha. Anandipezadi, ndili kutsuka mbale kuseri. Anabwera akugwira khoma, akuseka, n'kukwera pamiyendo panga, n'kuyamba kufukula pachifuwa. Ndikanatha kumuletsa. Ndinamusiya, pakuti ndinkafuna kumugwira ngakhale kamphindi. Atalawa anandiyang'ana kaye, osalira, ngati akufunsa, ndipo kenaka anakuwa. Mlamu anabwera akuthamanga n'kumunyamula.

M'mawa mwake tinayenera kukakwera lole pa mphambano. Amuna anga anamanga katundu. Ine ndinavala, ndinatsanzika apongozi aamuna, ndinayenda mpaka pa khola la ng'ombe kumapeto kwa mudzi. Apongozi aakazi anali atapita ndi mwana kudimba dala kuti asatione tikuchoka. Pa khola paja miyendo inangoima. Sindinaganize mozama ayi, ndisaname. Ndinangoona kuti sindingathe kukakhala ku Boma ndikuwerenga masiku, osadziwa chimene chalowa m'kamwa mwake. Ndinatula mtolo pansi n'kuuza amuna anga kuti apite okha.

Anandikumbutsa kuti sukulu itsegulidwa posachedwa, kuti mkulu wa sukulu sadzandisungira malo, kuti akazi ophunzitsa okwatiwa amawalola mongowapirira, ndipo ndikangojomba alemba wina. Anati ndinavutikira setifiketi ija zaka, bambo anga anagulitsa mbuzi zawo. Zonsezo ndinkazidziwa. Ndinati akauze a sukulu kuti ndadwala, kapena akanene zoona, mmene angaonere. Anavala chipewa chawo. Kenaka anatenga mtolo wawo okha, n'kunena kuti Loweruka abwera pa njinga, ndinene zimene abweretse. Ndinati nsawa, tinsomba ta kapenta ndi mkaka wa m'chitini, zochuluka mmene angathere.

Apongozi pobwera kudimba anandipeza nditakhala pakhonde pa mlamu. Anaima, mwana ali kumsana, khasu paphewa. Ndinagwada n'kunena kuti ndatsala, ngati andilola.

"Mudzi ndi wanu," anatero. "Khasu lilipo, udzu wachuluka. Koma mwamva: bere ayi, kumsana ayi, pamphasa ayi."

Ndinavomera. Ndinapempha chimodzi, kuti phala la mwana ndiziphika ine. Anaganiza pang'ono, nati phala ndi phala, ndiphike.

Ndinakhala kumudzi kuja mpaka nthawi yokolola. Ndinkagona m'nyumba ya mlamu, mwana m'nyumba ya agogo ake, pakati pathu bwalo. Masiku oyamba ankalira kwambiri, ndipo ndinkamva apongozi akuyenda naye m'nyumba, akumuimbira ndi mawu otopa. M'mawa tinkapita kukapalira tonse. Manja anga a choko anatuluka matuza, anaphulika, analimba. Ndikabwerako ndinkasinja nsawa, kupera kapenta, kuthira m'phala, n'kupereka mbale kwa apongozi kuti amudyetse. Ana ena a pakhomo ankazungulira mbaleyo ndi maso, ndipo sindikanatha kuphikira mmodzi ena akuyang'ana, choncho mphika unakula, ndipo zimene amuna anga ankabweretsa Loweruka zinkatha Lachitatu. Tsiku lina ndinapeza apongozi atatsitsa kadengu ka nsawa zimene anabisa kudenga, n'kukasiya pafupi ndi mtondo.

Mu Febuluwale chakudya chinatsika kufika kamodzi pa tsiku kwa ife akulu. Mwana anaonda. Anatuluka zilonda m'mbali mwa kamwa, anatsegula m'mimba sabata yathunthu, ndipo amayi ena a m'mudzi ankanong'ona kuti ndi mkaka uja wa miyezi ija. Mwina ankanena zoona, mwina ayi, ine sindinadziwe, ndipo mpaka lero sindinganene molimba. M'mawa uliwonse apongozi akamamusambitsa ndinkabwera ndi madzi ofunda, n'kugwada, n'kumugwira phazi ngati ndikumutsuka, n'kudinikiza chala pamwamba pake. Apongozi ankaona. Tsiku lina anandifunsa chimene ndimafuna pa phazipo, ndipo ndinawauza za kadzenje. Mawa lake ndisanafike ndinawaona patali, atagwira kaphazi kaja, akudinikiza ndi chala chawo chachikulu n'kuyang'anitsitsa.

Phazi silinatupe. Maungu anayamba kupsa, kenaka chimanga chachiwisi, ndipo masaya anabwerera pang'onopang'ono. Ku sukulu anali atalemba kale mphunzitsi wina, ndipo panapita zaka ndisanaimenso kutsogolo kwa kalasi. Amuna anga anandiuza za mphunzitsi watsopanoyo Loweruka lina akumasula katundu pa njinga, osandiyang'ana, ndipo ine ndinangofunsa ngati akumbukira mchere.

Chimene sindinachiyembekezere n'chakuti mwana adzandizolowera monga amazolowerera munthu wa pakhomo. Anasiya kundilirira. Ankandisekerera, ankalandira chimanga m'manja mwanga, koma mawu akuti amama, amene anayamba kuwatchula nthawi imeneyo, ankaitanira agogo ake. Mlamu ankamuwongolera, akuloza ine, ndipo iye ankangoseka ngati tikumunamiza.

Tsiku lina chakumapeto kwa mvula ndinali nditakhala pabwalo ndikusenda nsawa zatsopano, mimba itakula, ndipo iye ankathamangitsa anapiye. Anapunthwa pa muzu n'kugwa chafufumimba pafupi ndi mapazi anga, pafupi kwambiri moti fumbi lake linandigwera. Ndinataya lichero n'kutambasula manja. Anadzuka yekha, kukamwa kuli dothi, anandiyang'ana, anakoka mpweya woti alire, n'kundidutsa. Anathamanga bwalo lonse kumka kukhitchini kumene kunali agogo ake, akulira, manja ali m'mwamba. Ndinatsala manja ali choncho. Ndinamuyang'ana akupita, ndipo zimene ndinkayang'ana zinali timiyendo tija, mmene tinalimbira, mmene tinkathamangira osagwa.